Kabolodi ka m'Bokosi la Mazira

Tiyese mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa litapendeka. Amayi ako akukazinga nsawa zoti unyamule, iwe wapalasa njinga kupita ku Zemba kukatsazika azakhali ako, ndiye ndati ndipezerepo mpata. Ukakhala pafupi mawu amandithawa, timangoyamba kukangana za mawaya, nkhani yeniyeni osanenedwa. Mawa ukukwera minibasi ya ku Chipata, kuchoka apo basi yaikulu ya ku Kopala, kumigodi kuja, kukaphunzira zamagetsi ku koleji. Ine kumeneko phazi langa silinapondeko. Za misewu yake ndi anthu ake amalume ako anakuuza kale, za Mulungu abusa anena Lasabata. Ine ndikuuza zokhazo zimene ndaziona ndi maso anga muno m'nyumba, pa bokosi lofungatira mazira limene unapanga, limene tsopano ukulisiya m'manja mwanga.

Ukukumbukira tsiku unabwera nako kabolodi ka zamagetsi kaja? Chitopa chinali chitangosesa nkhuku m'Pembamoyo monse, pakhomo pano patatsala mathadzi awiri ndi tambala wobwereka. Iwe unabwera patchuthi kuchokera ku sekondale ku boma, n'kutulutsa m'sokosi kanthu kochepa ngati kabokosi ka machesi, kopyapyala, kali ndi timiyendo tachitsulo mbali ziwiri ngati bongololo. Unati, "Atate, timiyendoti ndi mapini. Apa tilumikiza sensa yomva kutentha, apa kaswichi koyatsa mababu. M'bokosi mukazizira kaziyatsa, mukatentha kazizimitsa. Thadzi likamafungatira limasiya kuikira, koma bokosi likamafungatira, mathadzi azingoikira." Ine ndinaseka. Ndakonza njinga kuyambira usanabadwe, ndipo njinga sibisa kanthu: tcheni ukuliona, chimene chikukoka chinzake ukuchiona. Koma aka kanalibe chozungulira ngakhale chimodzi. Ndinakaika kukhutu, zii. Mpaka lero, ndikamva kaswichi kaja kakuti "tha!" m'chipinda mulibe munthu, thupi langa limachita tsembwe. Anthu anaika nzeru m'kanthu koti khoswe atha kuthawa nako.

Choyamba chimene ndikufuna uzikumbukira chinachokera pa tsiku loyamba lenilenilo. Iwe unali pa laputopu imene unabwereka kwa aphunzitsi ako a sayansi, a Madamu Tembo, ine ndagwira mawaya chifukwa zala zanga zinazolowera masipoko. Unati, "Waya wa kaswichi apite pa nambala 4, ndi mmene ndalembera m'pulogalamu." Ine ndinawerenga miyendo kuchokera pamwamba, wani, thu, firii, folo, n'kulowetsa. Babu osayaka. Unabwera n'kundiyang'ana ngati ndathira mchere m'tiyi.

"Atate, musamawerenge miyendo, muziwerenga zolembedwa. Onani, anayambira pa ziro."

Zoonadi, pini yoyamba inalembedwa D0. Ndinati anthu amenewa ndi otani, oyamba kuwerenga pamene palibe kanthu? Unasuntha waya uja n'kumuika pa D4, ukumwetulira. Babu osayakabe. Kumwetulira kuja kunatha. Tinasintha babu, tinasintha waya, tinapala mitu ya batire ndi mpeni, masana onse anapita. Chakumadzulo ndi pamene unakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba kusaka netiweki, a Madamu n'kukutumizira chithunzi cha kabolodi kaja, pini iliyonse ili ndi mayina ake pambali. Unatsika pachulu ukuthamanga.

"Atate, tonse tinalakwa! Nambala 4 ya m'pulogalamu ndi mmene kachipu ka pakatika kamawerengera miyendo yake. Amene anapanga bolodi analembapo mayina awoawo. Nambala 4 ya kachipu ili pa D2."

Tinaika pa D2. Tha! Babu ngwee. Amayi ako anagwetsa lichero.

Pini imodzi, mayina atatu: malo ake pamzere, dzina lolembedwa pabolodi, ndi dzina limene kachipu kamaidziwa nalo. Zinandizunguza mutu, koma nditaganiza ndinaona kuti ngakhale amayi ako ali choncho. Kwawo ku Mlolo ndi Nabanda, kutchalitchi ndi Zelipa, muno ndi amake Tiyese, ndipo mlendo wofunsa Zelipa m'mudzi muno atha kubwerera osawapeza, iwo ali pa mtondo pompo. Ndiye kumene ukupitako, munthu akakuuza nambala, umufunse kuti akuwerenga mwa ndani. Ukakumana ndi anzako ochokera m'masukulu a m'tauni, amene agwira zinthu zimenezi kuyambira ali ana, ndipo udzafuna kugwedeza mutu ngati wamva. Funsa, Tiyese. Masana aja sitinawataye chifukwa cha umbuli. Aliyense wa ife anali ndi 4 yake, ndipo ankaikhulupirira ndi mtima wonse.

Chachiwiri ndi chija cha sensa, chimene chala changa chikukumbukabe. Iwe unapita kumjigo, ine ndinafuna kukudabwitsa poyala makatoni ndi thonje m'makoma a bokosi kuti kutentha kusamathawe. Sensa inkandipinga, ndiye ndinaichotsa. Ili ndi miyendo itatu: wolowera moto, wotumiza uthenga, ndi wobwezera moto ku pini yolembedwa G. Ndinaloweza bwinobwino: waya wofiira kumanzere, wakuda kumanja. Koma pobwezera ndinali nditaima mbali ina ya bokosi, sensa itandifulatira. Wofiira ndinamuikadi kumanzere, kumanzere kwanga. Batire sindinachotse. Linabwera fungo ngati patapata wagwera pamoto, ndipo nditagwira, chala chinachita thuza. Unafika, unatula ndowa, unanunkhiza. Unapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola. Ine ndinangoima ndi chala m'kamwa ngati mwana. Patapita nthawi unabwera ndi kachitini ka penti wofiira amene ndimapaka njinga, unaviika kamtengo, n'kuika kadontho pa waya, kena pa malo ake. "Atate, kadontho kazikumana ndi kadontho. Muime kulikonse kumene mufuna." Sensa ina tinaidikira masabata, mpaka m'bale wa a Madamu atabwera nayo kuchokera ku Lusaka.

Pamenepa ndili ndi mawu awiri. Usanagwire waya aliyense, chotsa moto. Ndikudziwa kuti ukudziwa, ndiwe unandiphunzitsa, koma kumeneko sukagwira batire la sola lokha, ukagwira moto umene umapha munthu asanati mayo. Chotsa moto, uyang'ane ndi maso ako kuti wachokadi, usamvere za munthu wina kuti ndazimitsa kale. Mawu enawo ndi a mtengo wa mango. Ndinaona mmene unaugwirira mtima wako tsiku lija, unakhala kaye wekha, n'kubwera ndi penti m'malo mwa mawu. Ine pa msinkhu wako ndikanaponya sipanala. Chimenecho usachisiye kuno, upite nacho. Kulikonse kumene anthu agwira ntchito pamodzi, china chidzapsa, ndipo wopsereza nthawi zambiri amakhala munthu amene amafuna kukuthandiza.

China chinali choseketsa, koma ndi chimene chinanditsegula maso. Unafuna kuika kabelu koti kazilira m'bokosi mukatentha kwambiri, n'kukaika pa pini yolembedwa TX chifukwa inali pafupi ndipo panalibe waya. Utangolumikiza laputopu, kabelu kanayamba kubwebweta ngati nkhululu, pulogalamu yatsopano n'kukana kulowa. Laputopu inali yoti ibwezedwe tsiku lomwelo. Ine ndinati kabolodi kapenga. Iwe unatsegula chithunzi chija, unachikuza ndi zala, n'kuseka mpaka kukhala pansi. "Atate, pini imeneyi ndi pakamwa pake. Ndi pamene kamayankhulira ndi laputopu. Tikumva ife apa ndi mawu ake, akudutsira m'belu." Ndinakupempha kuti usachotse msanga. Ndinakhala ndikumvetsera kanthu kopanda lilime kakuyankhula ndi kanzake m'chinenero chimene palibe munthu angachimve. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti mapini ndi ochepa koma ntchito ndi zambiri, ndiye pini imodzi anaipatsa ntchito ziwiri, ina zitatu. Itha kuchita iyi kapena iyo, koma osati zonse pa nthawi imodzi. Iwenso ndikukudziwa, mwana wa amayi ako. Kwaya ikakufuna udzavomera, anzako akafuna uwakonzere mafoni udzavomera, kuno tikadandaula pang'ono udzafuna kusenza. Zonsezo utha kuzichita, koma pa nthawi ya mabuku, zina uzizichotsa kaye.

Tsopano ndifike pa tsiku limene sindidzaliiwala. Bokosi linali litaswa kale anapiye, mbiri itamveka. Anthu anayamba kubweretsa mazira awo, ife n'kumalemba mayina pa zigoba ndi pensulo. Anaphiri a kuseri kwa tchalitchi, amayi amasiye aja akulera okha adzukulu, anabweretsa awo m'mbale ya gaga, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula khanda. Anati, "Atate ake a Tiyese, thadzi langa ndi limodzi, ndipo awa ndi onse." Iwe usanabwerere kusukulu kukalemba mayeso omaliza unawonjezera kaswichi kena pachivundikiro, koti munthu akaiwala kutseka bokosi belu lizilira. Waya wake unamuika pa D3, chifukwa panalibe kanthu. Unayesa, zinatheka, unapita.

Mvula yoyamba inabwera ndi mitambo yosachoka. Sola sinamwe dzuwa lokwanira, batire linafooka, bokosi linazima ife osadziwa. M'mawa mwake kunayera, batire linadzukanso, foni ya amayi ako inayamba kulowa moto bwinobwino. Koma bokosi zii. Mababu ozima, kagalasi koonetsa manambala kali bii. Ndinapisa dzanja. Mazira anali akuzizira.

Amayi ako sanataye nthawi. Anafunditsa madzi, anathira m'mabotolo, anawakulunga m'zitenje n'kuwaika pakati pa mazira, ine n'kutseka msanga kuti kutentha kusathawe. Ndinachotsa waya pa batire, ndinabwezera. Palibe. Ndinachitanso, ndinachitanso. Ndinayang'ana mawaya onse, kadontho kalikonse kali pa kadontho kake. Kenako Anaphiri anatulukira pakhomo. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Mwadzuka bwanji kuno," maso ali pabokosi. Pamenepo ndinatenga njinga. Kusukulu mafoni sankalola, ndipo munthu wodziwa zam'kati mwa bokosi limenelo padziko lonse unali iwe wekha.

Msewu unali phala. Kudambo ndinasenza njinga pamapewa. Nditafika ku boma, mlonda wa pageti anati ana ali m'mayeso, sangatuluke ngakhale mfumu ibwere. Ndinakhala pansi pa mtengo, matope akuuma m'miyendo, ndikuganiza za mbale ya gaga ija. Utatuluka n'kundiona, nkhope yako inasintha.

"Atate, ndani?"

"Kulibe maliro, mwanawe. Ndi bokosi."

Ndinakufotokozera. Unafunsa za batire, ndinati lili ndi moto. Unafunsa za fungo, ndinati palibe chapsa. Kenako unatseka maso. Milomo yako inkagwedera, chala chako chikuyenda m'malere, kutsika pini ndi pini pa bolodi imene inali kutali kuno ku Pembamoyo. Chala chija chinaima.

"Pamene mumachotsa ndi kubwezera batire, chivundikiro chinali chotseka?"

"Inde. Kuti kutentha kusathawe."

Unagwira pakamwa. "Imbani foni kwa amayi."

Ndinaimba, unalanda foni. "Amayi, tsegulani chivundikiro. Chisiyeni chotsegula. Chotsani waya wofiira pa batire. Mwachotsa? Bwezerani." Tinayandikiza makutu tonse awiri. Kunamveka tambala, kunamveka kupuma kwa amayi ako. Kenako, kuchokera m'kafoni kanga kothetheka galasi: tha! Ndipo nthungululu inabuka, ya amayi ako ndi ya Anaphiri pamodzi, mpaka mlonda uja anadzuka pampando kudzaona.

Foni itadulidwa ndinakuyang'ana. Ndinati, "Wachita chiyani?"

Unati, "Atate, D3 ili ndi ntchito ziwiri. Kabolodi kakamadzuka, kasanachite chilichonse, kamayang'ana kaye pini imeneyo. Ikakhala yomasuka, kamayamba ntchito yake. Ikakhala yolumikizidwa ku G, kamaganiza kuti pali munthu akufuna kukaphunzitsa pulogalamu yatsopano, ndiye kamakhala chete kudikira. Kaswichi kanga ka pachivundikiro, bokosi likatsekedwa, kamalumikiza D3 ku G. Ine nthawi zonse ndimayatsa bokosi lili lotsegula kuti ndione kanyali ka pabolodi, n'chifukwa chake sindinakumane nazo. Pachithunzi paja zinalembedwa, ndi timalemba ting'onoting'ono. Ndinationa koma sindinatiwerenge." Apo misozi inayamba. "Mazira a Anaphiri, atate." Ndinakuuza kuti upukute m'maso, ukawerenge za pepala la mawa, mazira uwasiyire ife.

Pobwerera ndinapalasa pang'onopang'ono, mutu uli wodzaza. Kabolodi sikanafe. M'mawa wonse uja, ine ndikutuluka thukuta, iko kanali maso, kakudikira mphunzitsi moleza mtima, chifukwa ndi zimene tinakauza osadziwa. Ndipo mwana amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga pa bwalo la mpira, akugwa n'kumalira, anaona m'kati mwa bokosi lotseka ali patali, maso ali otseka. Sindidziwa kuti chinandiopsa kwambiri ndi chiti. Pa mlatho wa mitengo ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinayamika Mulungu amene anabisa zinthu zotere m'dziko lake n'kulola kuti mwana wa wokonza njinga azipeze.

Mazira ena anasukusa, makamaka athu amene anali m'mbali. A Anaphiri anali pakati, pafupi ndi mabotolo, ndipo ambiri anaswa. Nkhuku imene udye madzulo ano yachokera kumeneko. Anaphiri abwera nayo okha m'mawa uno ataipanira m'khwapa, ndipo akana kukhala pansi, ati angalire.

Ndiye tamvera, Tiyese. Timalemba ting'onoting'ono uzitiwerenga. Pini ikaoneka yopanda ntchito, usathamangire kuipatsa yako, funsa kaye ngati ilibe ina imene imagwira pa nthawi imene iwe sukuyang'ana. Koma choposa zonse ndi ichi: chinthu ukapanga, uchiyese mmene chidzakhalire iwe kulibe. Tseka chivundikiro. Zimitsa moto, uyatsenso. Chisiyire munthu wonga ine, wa zala zokhuthala, wamantha, amene adzachita chinthu chimene iwe sungachiganize chifukwa akufuna kuteteza mazira. Kumeneko adzakuyamikira chinthu chikagwira ntchito patebulo, aphunzitsi akuona. Koma zimene udzapange zidzakakhala m'zipatala za kumidzi, pa mijigo, m'nyumba za anthu ngati Anaphiri, amene sadzafunsa funso, adzangoima pakhomo n'kupereka moni. Uziwaona anthu amenewo ukamasankha pini.

Ndibwerezenso, chifukwa ukalamba ndi kubwereza. Funsa kuti akuwerenga mwa ndani. Chotsa moto usanagwire. Ukapsa mtima, khala kaye pansi. Ndipo ukalakwa, unene msanga ngati mmene unanenera pageti paja, pamaso pa atate ako ndi mlonda, osabisa ngakhale timalemba tija. Wolakwa wonena msanga amapulumutsa mazira.

Za bokosi usade nkhawa. Waya uja unamusamutsira pa D5, chithunzi unamata mkati mwa chivundikiro, ndipo magalasi owerengera ndili nawo. Dzana, iwe uli kumunda, ndinazimitsa ndekha n'kuyatsanso bokosi lili lotseka, kuti ndione. Linadzuka. Likadzavuta ndidzayamba ndayang'ana ndekha, ndipo sindidzakuimbira nthawi ya kalasi. Amayi ako ati iwo adzaimba nthawi iliyonse imene afuna, ndipo pamenepo ine ndilibe mphamvu. Uzidya, usamagone ndi njala chifukwa cha mabuku. Ukapeze tchalitchi. Ukapeze mnzako mmodzi woti ungamuuze kuti sindinamve, iye osakuseka.

Mawa pa siteji sindiyankhula zambiri. Ukaona ndikukangana ndi kondakitala za mmene wamangira chikwama chako pamwamba pa minibasi, ndikumasula chingwe chake n'kumanganso ndi mphira wanga wa njinga, ndikukoka uku ndi uku anthu akudandaula kuti tichedwa, undisiye. Chikwamacho chidzakhala chitamangidwa kale bwino. Adzakhala manja chabe, akusowa pogwira.

Pita, mwana wanga. Ambuye akhale patsogolo pako ndi pambuyo pako.

Ndine,
Atate ako